Dzanja la a Yotamu ndi Mwendo wa Nkhuku

Ndikukumbukira thabwa la pamwamba pa khomo la nyumba yathu ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka. Linali ndi malo amodzi osalala, akuda ndi mafuta odzola, pamene achimwene anga a Yotamu ankagunditsa chipumi pafupifupi m'mawa uliwonse. Nyumbayo anamanga ndi atate, ndipo atate anali kalipentala wamfupi wochokera ku Katete, munthu woyeza dziko lonse ndi msinkhu wake. Anamwalira ine ndili wamng'ono, asanaone kuti mwana wawo woyamba wakana kusiya kukula. Bedi limene anasiya linkathera m'mawondo mwa achimwene, ndiye mapazi ankagona paokha pa bokosi la sopo. Amayi ankati mwanayo anatengera agogo ena akalekale amene palibe anawaonapo, ndipo ankanena mokwiya pang'ono, poti ndiwo ankavutika kuonjezera nsalu kumiyendo ya mathalauza.

Dzina loti Yotamu linkagwira ntchito m'nyumba mokha. Panja, komboni yonse inkawatchula Ba Mlongoti. Malata a nyumba zathu ankagwiridwa ndi miyala ndi matayala akutha, ndiye mphepo ikasasula denga la munthu, mwana ankathamangira kwathu kukaitana Ba Mlongoti. Papaya likapsa pamwamba, Ba Mlongoti. Chingwe choyanikira zovala chikaduka, Ba Mlongoti. Achimwene sankadziwa kukana. Ankangoweramira pakhomo paja, n'kutuluka akutikita chipumi.

Mpira wa basiketi anauphunzira ku sekondale, ndipo atabwera nawo ku Mtendere anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kwathu mpira wa amuna unali wamiyendo. Wogwira ndi manja n'kuponya mu mkombero unali wa atsikana ovala masiketi, ndipo anyamata a pamsika ankawafunsa kuti siketi yawo asoketsa liti. Achimwene anangozika mtengo wa bulugama kuseri kwa nyumba, n'kukhomerapo mkombero wa njinga yakale ya atate atauchotsa masipoko. Kuyambira pamenepo sindinadzukenso ndi tambala. Ndinkadzuka ndi kugunda kwa mpira pa dothi louma, ndipo fumbi lake linkalowa pazenera n'kudzakhala pa bulangete langa.

Chimene sindidzaiwala ndi dzanja lawo lamanja. Mpira ukachoka, dzanjalo linkatsala m'mwamba litapinda pamfundo, pamene anthu amavala wotchi, zala zitaloza pansi ngati khosi la bakha. Ankandiuza kuti, "Zelesi, msinkhu si kanthu, ngakhale mtengo wa magetsi ndi wautali. Masewera onse ali pa kamfundo aka." Ine ndinkangogwedeza mutu. Ntchito yanga inali kutola mpira ukagubuduzikira m'dimba la anansi.

Atamaliza sukulu, kampani ina ya boma yopanga mapoto ndi zidebe inawalemba ntchito. Zinali zaka za chipani chimodzi, ndipo makampani akuluakulu ankakhala ndi matimu awoawo. Papepala achimwene anali kalaliki, koma ndikukayika ngati ankadziwa kuti desiki lawo linali mbali iti. Ntchito yawo yeniyeni inali kuthamanga ndi kuponya. Amayi sanamvetse mpaka imfa yawo kuti bambo wandevu angalipidwe chifukwa chosewera, koma yunifolomu yanga ya kusukulu, malasha a pambaula ndi mankhwala a chifuwa chawo, zonse zinkachokera mu mkombero umenewo. Aja ankafunsa za siketi anayamba kubwera kudzapempha kuti awatenge kokaonerera.

Tsiku lina ananditenga ku Matero, kumene timu yawo inkasewera. Ndinakhala pa masitepe a simenti, nditafinyidwa pakati pa amayi awiri onenepa amene ankasenda malalanje. Panali fungo la thukuta, la labala ndi la mtedza wokazinga. Kunyumba achimwene anali munthu wogunda zinthu, wogwetsa makapu ndi chigongono, woyenda chowerama ngati akupepesa. Pabwalo paja ndinaona munthu wina. Bwalolo linali ngati nyumba yopanda denga yomangidwa pa msinkhu wawo. Ankatembenuka, kudumpha, dzanja lija n'kupinda, ndipo anthu ankayamba kukuwa mpira usanafike n'komwe. Ndinauza amayi onenepa aja kuti amenewo ndi achimwene anga, ndipo anandipatsa lalanje lathunthu.

Chaka chimene ndinali mu giledi faifi, mphunzitsi wa timuyo, Ba Mwape, anabwera yekha kwathu. Aliyense ankangowatchula Ba Kochi. Anakhala pa kampando ka atate, chipewa atachiika pabondo, n'kuuza amayi kuti timu ikupita ku Kenya nyengo ya mvula ikamayamba, ndipo kumeneko kudzakhala anthu a matimu a kutsidya kwa nyanja ofuna osewera.

"Ngati bamukonda uyu mwana wanu, basi, simuzagulisanso tomato pa msika," anatero. Kenaka anagwira dzanja lamanja la achimwene n'kulikweza. "Koma nipempha chinthu chimozi, mayo. Kwanja iyi muisunge. Osamutuma pa denga, osamutuma ku laini."

"Ndamva, aKochi," anatero amayi.

Laini imene ankanena ndi mzere wa ku shopu. Amene munakhala mu Lusaka zaka zimenezo simufuna kuti ndikufotokozereni. Ufa, sopo, shuga ndi mafuta ophikira, amene tinkawatcha saladi, zinkasowa ngati zathawa nkhondo. Lole ikaoneka pa shopu ya boma, amayi ankasiya zochapa m'beseni, ana ankatuluka m'kalasi, ndipo mzere unkakhala mzere kwa kanthawi kochepa chabe. Pambuyo pake linkasanduka gulu la zigongono. Shopu yathu sinkatsegula chitseko masiku otero. Inkagulitsira pa kazenera kokhala ndi chotsekera chachitsulo cholemera, chimene ankachikankhira m'mwamba n'kuchichirikiza ndi mtengo.

Mtendere inali ndi njira yakeyake. Tinkatuma Ba Mlongoti. Iwo ankaima kumbuyo kwa gulu lonse, n'kutambasula mkono pamwamba pa mitu ya anthu mpaka kulowetsa dzanja pakazenera. Wogulitsa ankalidziwa dzanjalo. Ankalandira ndalama, n'kupereka thumba, ndipo thumbalo linkauluka pamwamba pa maduku ndi zipewa mpaka kufika kwa mwini wake. Nkhalamba, amayi apakati ndi amasiye a mumzere wathu wa nyumba ankadya chifukwa cha mkono umenewo.

Ba Kochi atachoka, amayi anayamba kubweza anthu pakhomo. Sizinali zapafupi. Kumpopi amayi anzawo ankasiya kulankhula iwo akafika. Ndinamva ndi makutu anga wina akunena kuti banja la kalipentala layamba kununkha ndege. Nafenso ufa unatithera, tinkadya mbatata ndi mapapaya aawisi ophika, koma amayi analimba mtima.

Analimba mpaka masana ena otentha a mwezi wa Okutobala, pamene lole inafika ndipo Bana Chanda anabwera pakhomo pathu. Bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda, anali anansi athu, Mbemba wa ku Kasama, mayi wa ana ambiri amene mwamuna wake anapita kumigodi osabwereranso. Atate atamwalira, ndiwo anagona pansi pafupi ndi amayi masiku onse a maliro, ndipo ndiwo ankandisambitsa ine amayi ali wolefuka. Sanaime pakhomo ngati enawo. Anagwada pa dothi, mwana ali kumsana.

"Bana Yotamu, napapata," anatero. "Bana banga sibanadye kuchoka mailo, bagona na njala. Ine na uyu mwana ku musana siningakwanise mu laini muja."

Amayi anayang'ana pansi. Ku komboni ungakane munthu aliyense, koma osati amene anakugonera maliro. Achimwene anali mkati akumanga nsapato kuti apite kokonzekera masewera. Anatuluka chowerama, n'kudzutsa Bana Chanda.

"Ni kamozi chabe, amai," anatero. "Tiye, Zelesi, uzanyamula."

Kushopu kunali fumbi loti sungaone bwino nkhope ya munthu. Fungo la ufa watsopano linkasakanikirana ndi la thukuta, ndipo makanda ankalira kumisana. Ine ndinakwera pa chulu chaching'ono pambali. Ndinaona mkono wa achimwene ukudutsa pamwamba pa mitu monga mwa masiku onse, dzanja n'kulowa pakazenera. Nthawi yomweyo wina kutsogolo anakuwa kuti matumba atsala pang'ono. Gulu lonse linakankhira kutsogolo kamodzi, khoma la shopu linagwedezeka, ndipo wogulitsa uja, pochita mantha kuti anthu athyola, anamenya mtengo wochirikiza. Chitsulo chinagwa.

Phokoso lake silinali lalikulu. Achimwene sanakuwe. Anthu atakweza chitsulocho, anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono atafungatira dzanja pachifuwa, n'kukhala pansi pa fumbi. Ndinatsika pachulu n'kuima pafupi nawo. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuona pakati pa mutu wawo, ndipo panali kachipsera kakang'ono kamene sindinkakadziwa.

Pofika kunyumba pamfundo paja panali patatupa ngati mkate. Apa ndi pamene tinalakwitsa, tonse pamodzi, ndi mtima wabwino. Chipatala sichinali kutali. Koma aliyense ankadziwa zimene chipatala chimachita ndi fupa lothyoka: chimaika pulasitala yoyera yoonekera patali, yokhala miyezi. Ba Kochi akangoiona, dzina la achimwene lichotsedwa pa ulendo, ndipo ulendo wotero subwera kawiri. Bana Chanda, akulira, ananena za nkhalamba ina ya ku Marapodi, aSakala, yolumikiza mafupa. Anati inachiritsapo wosewera mpira wamiyendo amene anabwerera pabwalo mwezi usanathe. Amayi anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana dzanja lawo, n'kugwedeza mutu kuvomera. Kukampani anatumizako uthenga woti Yotamu wapita kumaliro ku Katete. Masiku amenewo maliro a kumudzi palibe ankawafunsa mafunso.

M'mawa mwake tinapita ku Marapodi, achimwene atafunda jekete pamwamba pa dzanja, ine nditanyamula nkhuku. ASakala anali atalamula kudzera kwa Bana Chanda kuti tibwere ndi msoti ndiponso mwana wamkazi wosatha msinkhu. Anali nkhalamba yaukhondo, yolankhula motsitsa, yokhala m'kanyumba konunkha utsi ndi mizu. Sanali wonyenga, ndipo mpaka lero sindiwada. Ankakhulupirira ntchito yawo monga mmene achimwene ankakhulupirira yawo.

Anakoka dzanja la achimwene mpaka thukuta linatsika m'khosi mwawo, n'kutema mphini kuzungulira potupa paja, kupaka mankhwala akuda, n'kumanga ndi timitengo tansungwi ndi luzi. Kenaka anandiuza kuti ndigwire nkhuku mwamphamvu. Ndisanadziwe chimene akufuna, anagwira mwendo wake wamanja n'kuuthyola ngati kamtengo kouma. Nkhuku inalira, inenso ndinalira. Anaupaka mankhwala omwewo, n'kuumanga ndi tinsungwi tating'ono ndi luzi lomwelo.

"Awa tsopano ndi munthu mmodzi," anatero. "Tsiku limene nkhukuyi idzaponda pansi ndi mwendo uwu, dzanjanso lidzagwira mpira. Musamasule lisanafike tsikulo. Ndipo nkhukuyi asaigwire wamkulu aliyense. Aisamale mwanayu yekha, poti thupi lake n'lozizira."

Umo ndi mmene ine, mwana wa giledi faifi, ndinasenzera ulendo wa ku Kenya m'beseni. Nkhuku inkagona m'beseni la amayi lochapira, pa nsanza, kunsi kwa bedi langa. Ndinkaisakira chiswe ndi ziwala ndisanapite kusukulu. Madeya ochepa amene Bana Chanda ankapempha kuchigayo ankapita kwa iyo, ndipo kunena zoona m'nyumba monse inali yokhayo imene inkanenepa. Ndinkaithamangitsira amphaka, ndinkaiyang'ana m'maso kuti ndione ngati ili ndi chitopa. Kukalasi aphunzitsi akamalemba masamu, ine ndinkaganiza za khoswe.

Achimwene sankatuluka, poti munthu amene ali kumaliro ku Katete sangaoneke ku Mtendere, ndipo munthu wa msinkhu wotero sabisika. Ankakhala m'chipinda tsiku lonse, miyendo pa bokosi la sopo, mpira uli pambali. Zala zinkatuluka kunsonga kwa nsungwi zitatupa, zakuda. Nthawi zina ndinkawapeza ataluma kolala ya malaya. Koma m'mawa uliwonse ankandiitana n'kufunsa akumwetulira, "Zelesi, munzanga wagona bwanji?" Amayi a mumzere wathu, amene tsopano anali atayambanso kutilankhula, ankabwera kudzazonda monong'ona, ndipo onse ankayamba ndi kusuzumira m'beseni. Dzanja linali lomangidwa, panalibe choona. Tonse tinkayang'ana nkhuku.

Pali tsiku limodzi limene limandibwerera kuposa la kushopu lija. Ba Kochi anabwera osayembekezeka. Achimwene anali kuseri kwa katani ya chipinda, ndipo amayi analandira mlendoyo panja. Anafunsa za maliro, amayi anayankha bwinobwino, mpaka kutchula dzina la womwalirayo, amene anali atamwalira kalekale. Koma nsapato za achimwene zosewerera zinali padenga, pamene ndinaziyanika nditazichapa, ndipo nsapato zotero mu Mtendere monse zinali ndi mwini mmodzi. Ba Kochi anaziyang'ana kwa nthawi. Sanafunse za izo.

"Mayo," anatero motsitsa, "ngati kuli vuto, niuzeni chabe. Kampani ili na dokota. Sinizakalipa."

Ine ndinali pakhomo, beseni lili pamiyendo. Katani inagwedezeka pang'ono, ndipo ndinaganiza kuti achimwene atuluka. Sanatuluke.

"Kulibe vuto, aKochi," anatero amayi. "Abwera posachedwa."

Ba Kochi anavala chipewa n'kumapita. Amayi anakhala pa kampando ka atate mpaka dzuwa linapendeka, osagwira ntchito iliyonse.

Mvula yoyamba itangogwa, m'mawa wina wonunkha dothi lonyowa, ndinatulutsa beseni panja monga mwa nthawi zonse. Nkhuku inadumphira pansi, inaima ndi mwendo umodzi, kenaka inatsitsa winawo. Inaponda. Inayenda pang'ono, n'kuyamba kupalasa ndi mwendo womwe uja wothyoka. Ndinathamangira m'nyumba kukawauza. Amayi analuluta, Bana Chanda anabwera akuvina mwana ali kumsana, ndipo achimwene anaseka kwa nthawi yoyamba kuchokera tsiku la kushopu. Ulendo unali usanachitike. Tinali titaupeza.

Tsiku lomwelo tinabwerera ku Marapodi ndipo aSakala anadula luzi. Dzanja linatuluka lowonda, lotuwa, khungu likusupuka. Pamfundo panali chotupa cholimba, ndipo dzanja lonse linali litakhotera pang'ono kumbali. Zala zinkagwedezeka. Achimwene anayesa kupinda pamfundo, koma sipanapinde. ASakala anati n'kuuma chabe, tizithowa ndi madzi otentha, pafewa.

Titafika, achimwene anatenga mpira n'kupita kuseri kwa nyumba. Ana a mumzere wonse anasonkhana, poti kugunda kuja kunali kutasowa. Achimwene anaima pamalo awo a masiku onse, pamene mapazi awo anali atakumba kadzenje. Anakweza mpira, anaponya. Dzanja linatsala m'mwamba lili chiwongokere ngati thabwa, ndipo mpira unagwa pansi usanafike n'komwe pamtengo. Ndinautola n'kuwapatsa. Anaponyanso, unapita kumbali n'kugwera m'dimba. Anayandikira pafupi, pamene ngakhale ine ndinkatha kulowetsa, ndipo mpira unagunda kunsi kwa mkombero n'kubwerera. Ana anayamba kuchoka mmodzimmodzi popanda wowathamangitsa. Patsinde pa mtengo wa bulugama paja nkhuku inkapalasa, miyendo yonse iwiri ili bwinobwino.

M'mawa mwake anapita okha kwa Ba Kochi. Dokotala wa kampani anajambula mafupa n'kuwaonetsa chithunzi. Mafupa anali atalumikizana ndithu, aSakala sananame, koma analumikizana mopingasa n'kutseka mfundo. Dokotalayo anati akanabwera masiku oyambirira, inali ntchito ya tsiku limodzi, ndipo akanaphonya ulendo umodzi wokha n'kudzasewera zaka zambiri. Tsopano ngakhale atathyolanso, pamfundopo sipakanapindanso monga kale. Madzulo Ba Kochi anawaperekeza mpaka kunyumba. Sanakhale pansi. Anayang'ana amayi maso ali ofiira, n'kunena kuti, "Ninakufunsani, mayo." Anangonena zokhazo.

Timu inapita ku Kenya. Mnyamata wina wa ku Chawama, amene ankakhala pabenchi achimwene akamasewera, ndiye anatengedwa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja aja. Achimwene anayesa kuphunzitsa dzanja lamanzere. Kwa chaka chathunthu ndinkadzukanso ndi kugunda kwa mpira, koma kunali kugunda kopanda nyimbo, kwa munthu amene akukangana ndi thupi lake. Ba Kochi anawasunga pabenchi mwaulemu mpaka pamene sakanathanso. Kenaka kampani inakumbukira kuti papepala ndi kalaliki, n'kupeza kuti ukalaliki sakuudziwa, ndiye inawatumiza kosungira katundu kukanyamula mabokosi a mapoto. Makampani atayamba kuchepetsa antchito, iwo anali m'gulu loyamba. Anapentako nyumba za anthu, poti sankafuna makwerero. Analonderako masitolo m'tauni. Anamwa mowa zaka zingapo, mowa wachete wopanda ndewu, kenaka anausiya okha. Mtengo wa bulugama uja anaudula ndi manja awo chaka china malasha atakwera mtengo, ndipo tinauphikira.

Ine yunifolomu ya sekondale sindinaivale. Ndinakathandiza amayi pamsika, kugulitsa tomato yemwe uja Ba Kochi anati tidzamusiya. Bana Chanda anasiya kudutsa pakhomo pathu. Popita kumpopi ankazungulira njira yaitali ya kuseri kwa tchalitchi, chidebe pamutu, ngakhale palibe aliyense wa ife anawanenapo kanthu. Patapita nthawi anasamukira ku komboni ya George osatsanzika.

Amayi okha ndiwo sanavomere kuti dzanjalo silidzachira. M'mawa uliwonse ankatenthetsa madzi, n'kukhazika pansi bambo wamkulu uja, n'kumathowa pamfundo paja ndi kansalu. Achimwene ankangopereka dzanja, nkhope atayang'ana kumbali. "Nkhuku inachira," amayi ankatero, "ndiye nawenso uchira, kungoti fupa la munthu n'lalikulu." Nkhukuyo anakana kuti iphedwe, ngakhale pa Khirisimasi imene tinadya masamba a maungu opanda saladi. Inaikira mazira, inaswa anapiye, inadzaza bwalo ndi zidzukulu, ndipo inafa ndi ukalamba osatsimphina ngakhale pang'ono. Ndinkaikonda nkhuku ija, ndinali nditaisamala ngati mwana, koma panali masiku amene ndinkaiona ikuthamanga pabwalo ine n'kumva mtima kuwawa mpaka kulephera kudya.

Lero zinthu zinasintha. Adzukulu anga amaonera mpira wa basiketi pa wailesi ya kanema, amavala malaya aatali opanda manja, ndipo palibe amene amawafunsa za siketi. Mmodzi atagwa kusukulu n'kupweteka chala, mayi ake anathamanga naye kukajambulitsa tsiku lomwelo. Ufa uli mbwee m'masitolo akuluakulu, matumba osanjikizana mpaka kudenga, ndipo chimene chimasowa tsopano ndi chogulira. Ana anga ndikawauza kuti munthu anataya tsogolo lake lonse pa kazenera ka shopu chifukwa cha thumba limodzi la ufa, limene sanalitenge n'komwe, amandiyang'ana ngati ndikukamba nthano. Sindiwaimba mlandu. Sanaonepo dzanja lija likupinda, ndipo palibe chithunzi chilichonse chimene chinatsala. Amene anaona ndife ochepa, ndipo tikutha.

Achimwene ali moyo. Sanakwatire, ndipo amakhala nane ku Kalingalinga, m'chipinda chimene mwamuna wanga anachikwezera khomo. Msana unapindika koma akadali aatali kuposa aliyense mumsewu wathu. Ana akatsegula mpira pa kanema, iwo amatuluka kukathirira maluwa. Nyengo yozizira pamfundo paja pamawawa, ndipo tsopano ndine ndimatenthetsa madzi.

Mwezi wathawu ndinapita nawo kusitolo yaikulu ya m'tauni kuti andithandize kukankha ngolo. Pa mashelefu a mafuta ophikira panali mayi wina wamfupi, wachitsikana, akudumphadumpha kuti afikire botolo la pamwamba. Atatembenuka n'kuona achimwene, nkhope yake inawala, monga mmene nkhope za amayi a ku Mtendere zinkawalira kale.

"Ba tate, nithandizeniko," anatero. "Nitengeleniko saladi ija pamwamba."

Botololo linali pafupi ndi phewa lawo. Achimwene analiyang'ana, kenaka anaika manja onse awiri kumbuyo.

"Pepani, mayo," anatero mwaulemu. "Sinifikila."

Mayiyo anaseka poganiza kuti nkhalamba ikuchita nthabwala, n'kudikira. Achimwene sanasunthe. Ndinapita kukaitana mnyamata wa m'sitolomo kuti abwere ndi makwerero.